Wokalamba ndi Bwalo la Milandu: Kumene Thandizo Laulere Limapezeka

Kwa Mponda, kumene mtsinje wa Shire umatuluka m'Nyanja ya Malaŵi kulinga ku Malombe, munthu wokalamba kale sankapita yekha ku mlandu. Akakhala ndi chodandaula ankayamba wauza mwinimbumba, ndipo mwinimbumbayo ndiye ankasenza nkhaniyo kukaitula kwa nyakwaŵa. Ikakanika kumeneko inkakwera kwa gulupu, kenaka kwa mfumu yaikulu. Bwalo linali pansi pa mtengo, chiyankhulo chinali Chiyao kapena Chinyanja, ndipo mboni zinali anthu odziŵana chiyambire ubwana. Njira imeneyi ikalipo, ndipo milandu yambiri ya m'midzi imatherabe momwemo.

Komatu zinthu zasintha. Ana ndi adzukulu amene akadayankhulira makolo awo ali kutali, pakuti Mangochi ndi limodzi mwa maboma amene anyamata ake amapita ku Joni mwaunyinji, kusiya agogo ndi tiana pakhomo. Nawo malo a m'mphepete mwa nyanja, kuyambira pa boma mpaka ku Monkey Bay, adasanduka ndalama, popeza ofuna kumanga nyumba zogona alendo amawalimbirana. Tsono pamene pafika ndalama pamafikanso mapepala. Mayi wachikulire wosadziŵa kuŵerenga akaonetsedwa pepala lachidindo, kaŵirikaŵiri amangogwetsa nkhope, nkuganiza kuti mlandu watha, chikhalirecho sunayambe nkomwe.

Si zodabwitsa kuti okalamba ambiri akamva za loya amayesa kuti ndi nkhani ya anthu a mpondamatiki. Amene lero ali ndi zaka 70 adakulira m'nthaŵi ya makhoti otchedwa Traditional Courts. M'chaka cha 1969 makhoti ameneŵa adapatsidwa mphamvu zozenga ngakhale milandu yakupha, ndipo loya sankaloledwa kuimira munthu m'menemo. Orton Chirwa, amene adali Mmalaŵi woyamba kuphunzira uloya, adazengedwa mlandu pamodzi ndi mkazi wake Vera m'khoti lotere, ndipo mu 1983 adalamulidwa kuti aphedwe, popanda wowayankhulira. Makhotiwo adatha mu 1994, koma maganizo akuti munthu wamba amaima yekha pamaso pa woweruza sadathe nawo pamodzi.

Malamulo oyendetsera dziko a 1994 amanena zina. Gawo 41 limati munthu aliyense ali ndi ufulu wokadandaula ku khoti. Gawo 42 limati wozengedwa mlandu ali ndi ufulu woimiridwa ndi loya, ndipo pamene chilungamo chikufuna kutero, Boma ndilo lilipire loyayo. Gawo 13 limatchula okalamba mwachindunji, kuti Boma liziwalemekeza ndi kuwathandiza. Mawu ndi abwino ndithu, koma mawu okha saperekeza munthu ku khoti. Chofunika nkudziŵa khomo loyenera kugogoda.

Khomo lalikulu ndi bungwe la Legal Aid Bureau, limene anthu amangoti a Legal Aid. Thandizo la mtunduwu lidayamba ndi lamulo la 1964, pamene padali nthambi yaing'ono pansi pa Unduna wa Zachilungamo, yokhala ndi maloya oŵerengeka amene nthaŵi yawo yambiri inkathera pa milandu yakupha. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa lamulo latsopano, ndipo mu 2015 bungwe loima palokha lidayamba ntchito. Maofesi ake aakulu ali ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba, ndipo ya ku Zomba ndiyo imayang'anira chigawo cha kum'maŵa, m'mene muli Mangochi. Bungweli lakhala likutsegulanso maofesi m'maboma. Motero munthu asanataye ndalama ya minibasi yodzera ku Liwonde, ndi bwino ayambe wafunsa kalaliki wa ku khoti la majisitireti pa boma, kapena ku ofesi ya bwanamkubwa, kuti amlozere ofesi yapafupi.

Wodandaula akafika amalandiridwa ndi mlangizi wa za malamulo, amene mwina si loya koma adaphunzira ntchitoyo. Mlangiziyo amafuna kudziŵa zinthu ziŵiri. Choyamba ndi chuma cha munthuyo, ngati angathe kudzilipirira loya kapena ayi. Wopeza pang'ono angathe kupemphedwa kuti aperekeko kangachepe, koma wosoŵeratu sabwezedwa chifukwa cha ndalama. Chachiŵiri ndi mlanduwo, ngati uli ndi mutu woti nkupita nawo ku khoti. Apa ena amakhumudwa, poganiza kuti aliyense woloŵa pakhomopo amatuluka ndi loya wa mkanjo wakuda. Sizitero ayi. Ena amangolangizidwa, ena amalemberedwa kalata kapena mapepala a ku khoti, ena amaitanidwa pamodzi ndi amene akukangana nawo kuti agwirizane. Ndipo nthaŵi zambiri kalata imodzi yochokera ku ofesi yotere imakwanira kubweza mbuzi zimene zidatengedwa mwachinyengo, chifukwa wolanda uja amadalira umbuli wa mnzake, ndipo akaona kuti mnzakeyo wapeza womuunikira amayamba kufeŵa. Kunena mosapsatira, maloya a bungweli ndi ochepa poyerekeza ndi milandu imene ali nayo, kotero kuti munthu angathe kuyenderapo kangapo. Wotopa msanga ndiye amaluza.

Pa ulendo wotere munthu asapite chimanjamanja. Atenge chiphaso cha unzika, chija chidayamba kuperekedwa mu 2017, pamodzi ndi pepala lililonse lokhudza nkhaniyo: samani, kalata ya mfumu, lisiti, kalata ya imfa, kapena kalata ya ku chipatala ngati adamenyedwa. Akumbukirenso maina a mboni, makamaka anthu achikulire amene adaona malire akuikidwa. Mapepala enieniwo azisunga yekha, kwa ena azipereka ojambulidwa. Koma chinthu chimene anthu saganizirapo kwenikweni ndi woperekeza. Wokalamba amafunadi womgwira dzanja ndi womŵerengera, komabe mavuto ambiri a okalamba amachokera m'nyumba momwemo: mdzukulu amene amalandira ndalama za Mtukula Pakhomo m'dzina la agogo nkumadya yekha, kapena mphwake amene wagulitsa munda mwakabisira. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ngati woperekezayo ndiye mwini mlandu, gogo sangatsegule pakamwa. Nchifukwa chake wodandaula ali ndi ufulu wopempha kuti ayankhule ndi mlangizi paŵiri, ndipo zimene munthu wauza loya wake ndi zachinsinsi.

Mlandu woŵaŵa koposa umene umagwera okalamba ndi wonenedwa ufiti. Mwana akamwalira mwadzidzidzi, kapena mnyamata akabwera ku Joni wopanda kanthu, zala zimaloza kwa gogo wa maso ofiira ndi utsi wa pamoto. Mu Januwale 2016 ku Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi gulu la anthu pambuyo poti mphenzi idapha mtsikana wa m'mudzimo, ndipo chiyambire pamenepo bungwe la MANEPO, limene limagwirizanitsa mabungwe oona za okalamba, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za imfa zotere. Pali matenda a ukalamba amene amasokoneza mutu, kotero kuti munthu amaiŵala njira ya kwawo, nkupezeka usiku pakhomo pa eni ake, mwina wosavala bwino, akuyankhula zosamveka. Achipatala amawadziŵa matendaŵa. A m'mudzi akaona zotere amati wagwa pa ndege ya ufiti.

Lamulo la za ufiti la 1911, limene likugwirabe ntchito, limati kumnena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo chilango chake chingafike zaka 5 m'ndende. Limaletsanso kumwetsa mwavi ndi kuitana sing'anga kuti adzaloze mfiti, ndipo mfumu yololeza zotere m'mudzi mwake nayonso imapalamula. Apa pali chinthu chimene omvera ayenera kuchigwiritsa. Mlandu wotere ndi wa Boma, wodandaula safunika kulemba loya kapena kulipira kanthu. Ntchito yake ndi kukanena ku polisi, ku nthambi ya Victim Support Unit imene imalandira ozunzidwa, ndipo woimira Boma ndiye amazenga. Ngati wozunzayo ndi wa m'banja momwemo, lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja limalola khoti la majisitireti kupereka chiletso choti asamuopsezenso kapena kumuyandikira, pakuti lamuloli silikamba za mwamuna ndi mkazi okha, limakhudzanso kholo ndi mwana. Pamwamba pa izi, mu 2024 Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo la anthu okalamba, limene limaŵerenga munthu wa zaka 60 kapena kuposa kuti ndi wokalamba, ndipo limaletsa kumchitira nkhanza.

Lamulo lomwelo la 1911 lili ndi msampha wake. Limati munthu wodzinenera yekha kuti ndi mfiti ali ndi mlandu. Okalamba ena, atazingidwa ndi khamu lolusa, adavomera zimene sadachite pofuna kupulumutsa moyo, ndipo mawu awo omwewo ndiwo adawaloŵetsa m'ndende. Cha m'ma 2010 ndi 2011 bungwe la Association for Secular Humanism, motsogozedwa ndi George Thindwa, lidalimbikira kuti anthu otere amasulidwe, ndipo ambiri mwa iwo adali amayi achikulire amene adazengedwa popanda loya. Womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete. Ayenera kuuzidwa chifukwa chimene wamangidwira m'chiyankhulo chimene amamva, ndi kutengeredwa ku khoti pasanathe maola 48, kupatula ngati nthaŵiyo yathera pa tsiku limene khoti silikhala. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Ndipo popeza makhoti amalemba m'Chingerezi, Myao wa ku Makanjira kapena ku Namwera ali ndi ufulu wopatsidwa womasulira popanda kulipira. Asachite manyazi kunena kuti sakumva, chifukwa kungogwedeza mutu mwaulemu kungathe kulembedwa kuti wavomera mlandu.

M'zitokosi za polisi ndi m'ndende mumayendanso alangizi a bungwe la PASI, limene lidayamba ntchito m'chaka cha 2000. Iwo saimira munthu m'khoti, koma amafotokozera omangidwa za belo, amafunafuna abale awo, ndi kukumbutsa akhoti za anthu amene akhalitsa osazengedwa. Njira imeneyi idatchuka, kotero kuti mu 2004 nthumwi za maiko a mu Africa zidakumana ku Lilongwe nkugwirizana mfundo za thandizo la malamulo zimene mpaka lero zimadziŵika ndi dzina la mzindawo.

Nkhani ya chuma cha masiye ndi ina. Lamulo la 2011 la chuma cha omwalira limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu, ndipo wolandayo angathe kulipitsidwa K1,000,000 ndi kumangidwa zaka 10. Munthu akamwalira osalemba wilo, chuma chake chimapita kwa mkazi kapena mwamuna wake ndi ana, ndiponso kwa amene ankadalira womwalirayo pa moyo wawo. Mawu otsirizaŵa ndi ofunika kwa makolo. Mayi amene mwana wake wafera ku Joni, ndipo ndiye ankamtumizira ya chimanga ndi ya feteleza, sayenera kungopenya pamene ena akugaŵana, lamulo limamuŵerengera. Palinso bambo wachikulire wa chikamwini, amene adamanga nyumba ya malata kwawo kwa mkazi, nkukhalako zaka makumi anayi, ndipo mkaziyo atangoikidwa m'manda abale akuti nyamukani, ukwati watha. Nkhani yake ndi yovuta, chifukwa nthaka ndi ya mbumba monga mwa mwambo, pamene katundu amene aŵiriwo adapezera limodzi lamulo limampatsako gawo. Bambo wotere asanyamule mphasa yake usiku chifukwa cha manyazi. Ayambe wafunsa. Mabanja ambiri a Chisilamu kwa Mponda amagaŵa chuma motsogozedwa ndi mashehe, ndipo pamene onse agwirizana palibe chovuta, koma amene akuona kuti waponderezedwa khomo la khoti silinamtsekekere.

Zambiri mwa izi zimapeŵeka ndi pepala limodzi. Ena amati kulemba wilo ndi kudziitanira imfa, ngati kuti imfa imadikira kalata. Wilo siifuna loya kapena chuma chambiri: mwini ngalaŵa imodzi, chilimira ndi nyumba angathe kulemba. Chofunika nchakuti ilembedwe, mwini wake asaine kapena adinde chala pamaso pa mboni ziŵiri zili pamodzi, ndipo mbonizo nazonso zisaine. Ndi bwino mbonizo zikhale anthu osalandirako kanthu. Ikatha ingathe kusungidwa ku ofesi ya bwanamkubwa kapena ku khoti lalikulu, osati pansi pa mtsamiro pamene woyamba kuloŵa m'nyumba ya maliro angaipeze.

Pa za minda, lamulo la malo a makolo la 2016 lidakonza kuti m'dera la gulupu mukhale komiti ya malo imene theka la mamembala ake osankhidwa ndi amayi, ndi kuti mikangano iziyamba kumvedwa ndi bwalo la malo lotsogozedwa ndi mfumu yaikulu, wosakhutira nkukadandaula ku bwalo la pa boma. Limalolanso munthu kulembetsa munda wake kuti akhale ndi chikalata. Ntchito yolembetsayi ikuyenda pang'onopang'ono, ndipo m'madera ambiri umboni wa munda ukadali m'mitu ya okalamba ndi m'mitengo ya m'malire. Pachifukwa chimenechi chala cha gogo chimakhala chamtengo wapatali kwa ofuna malo. Amabwera mwaulemu, atanyamula shuga ndi nsalu, nkunena kuti pepalali nlongobwereka malo kwa zaka zochepa. Chala chikadindidwa, pamaŵa pake pamaima mpanda. Wokalamba asadinde pepala limene sanaŵerengeredwe ndi munthu wosakhudzidwa ndi malondawo, monga mphunzitsi, shehe, mbusa kapena mlangizi wa za malamulo. Ndipo ngakhale chala chitadindidwa kale, khoti lili ndi mphamvu yothetsa pangano limene lidapezedwa mwachinyengo kapena moopseza.

Sikuti dandaulo lililonse nlofuna khoti. Mphunzitsi kapena mesenjala wopuma amene penshoni yake yakhala zaka osatuluka apite kwa Ombudsman, amene ntchito yake ndi kufufuza maofesi a Boma akamachedwetsa kapena kupondereza anthu. Salipiritsa, ndipo ofesi yake ya chigawo cha kum'maŵa ili ku Balaka. Mlonda wokalamba wochotsedwa ntchito pa nyumba yogona alendo popanda malipiro ake ayambire ku ofesi ya za ntchito pa boma. Bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo a ophwanyiridwa ufulu, a CCJP a mpingo wa Katolika amathandiza munthu wa chipembedzo chilichonse, ndipo amayi angathenso kufikira bungwe la maloya aakazi la Women Lawyers Association. Nawo maloya oima paokha lamulo la ntchito yawo limawalamula kugwirako ntchito ina mwaulere chaka chilichonse, ndipo ina mwa milandu ya a Legal Aid imaperekedwa kwa iwo mwa njira imeneyi.

M'midzi ya m'mbali mwa nyanja mulinso madoda amene adakagwira ntchito m'migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela, mpaka ndege ija idagwa ku Francistown mu 1974, ndiponso ku Teba mpaka 1988. Ambiri adabwerako ndi chifuwa cha fumbi la miyala. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg lidavomereza pangano la ndalama zokwana R5 biliyoni pakati pa makampani asanu ndi imodzi a migodi ya golide ndi anthu odwala matendaŵa kapena chifuwa chachikulu, ndipo bungwe la Tshiamiso Trust lidakhazikitsidwa kuti lizipereka chipukutamisozicho kwa amene adagwira ntchito m'migodi ya makampaniwo pakati pa 1965 ndi 2019. Kulembetsa ku bungweli nkwaulere. Tsono munthu wobwera m'mudzi ndi kope, nkumatolera ndalama kuti aike dzina la munthu pa mndandanda, ayenera kufunsidwa mafunso ambiri asanapatsidwe ngakhale tambala.

Anthu otereŵa amapezekanso pa makhoti. Ndi aja amatchedwa madobadoba, ovala jekete ndi kunyamula chikwama, amene amamchingamira munthu pachipata nkumuuza kuti amadziŵana ndi bwana woweruza. Loya weniweni amakhala ndi chiphaso cha chaka chimenecho, ndipo bungwe la Malawi Law Society limasunga maina a onse ololedwa kugwira ntchitoyi. Ndalama iliyonse yolipira ku khoti imaperekedwa mu ofesi, ndipo wolipirayo amalandira lisiti la Boma. Yoperekedwa kuseri kwa nyumba ndi ziphuphu, ndipo wopereka naye amakhala wapalamula.

Makolo adati mlandu suola, ndipo pa bwalo la mfumu mawuŵa ngoona: mdzukulu angathe kudzutsa nkhani ya ng'ombe ya agogo ake. Ku khoti ndi kosiyana. Wofuna ngongole yake akakhala chete zaka 6, lamulo limamtsekera njira. Wovulazidwa, monga pa ngozi ya galimoto, ali ndi zaka 3 zokha zoti asumire. Wosakhutira ndi chigamulo ali ndi masiku oŵerengeka ochitira apilo, kotero kuti ayenera kufunsa kalaliki tsiku lomwelo kuti masikuwo ndi angati. Ndipo samani ikafika, tsiku lolembedwapo nlofunika kulisunga, chifukwa pa milandu ya katundu ndi ngongole woweruza angathe kugamula mwini wake palibe. Ngati wokalambayo wadwala, kapena mvula yadula mseu wa ku Makanjira, atume munthu ndi kalata ya ku chipatala kapena ya mfumu, kuti akapemphe khoti tsiku lina.